Mankhwala a Dzanja Lamanzere

Jenereta ya pagolosale ikangolira, fungo la utsi wake limandibwezera kwathu ku Ulongwe, tsiku lomwe azaumoyo anabwera ndi kanema. Anamangirira chinsalu choyera pamitengo ya mango, chachitali kuposa nyumba yathu. Azibambo anadzaza kutsogolo, ndiye ife, amayi ndi azakhali tinakakhala kuseri kwa chinsalucho. Sitinadziwe kuti kuseriko zithunzi zimaoneka motembenuka.

Kumsana kwa amayi kunali mlongo wanga wakhanda, atalefuka ndi kutsegula m'mimba, liwombo litalowa.

Pachinsalu panatulukira mzimayi wamkulu ngati mlambe. Anasungunula shuga ndi mchere m'madzi owiritsa, n'kuyamba kumwetsa mwana wake wodwala ndi supuni.

"Astaghafirullah! Mwana kumumwetsa ndi dzanja lamanzere?" anadabwa azakhali.

"Iyayi alamu, mwina ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito," anayankha amayi.

Kanema asanathe tinali titafika kale kunyumba. Madzi atawira n'kuzizira, amayi, omwe ankatimenya kadzanja tikalandira chinthu ndi manzere, anagwira supuni kumanzere komweko. Madzi ena ankatayikira pachitenje. Khanda lija linayasama, linameza, kenaka linayasamanso lokha.