Lendi kwa Apongozi Akale

Kelvin Doyle wa ku Broken Hill amanena yekha kuti pa zaka makumi asanu anakwanitsa chinthu chimodzi chokha: mkazi anamuthawa, koma apongozi anamusunga. Msana utamuchotsa ntchito kumgodi, analowa m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi akewo, a Beryl, n'kumalipira lendi sabata ndi sabata.

Atakapempha thandizo la boma la lendi, fomu inafunsa ngati mwininyumba ndi wachibale. Kelvin anaopa kuti akavomera amuyesa wonama, poti alipo ena amangopeka lendi pachibale. Anadziuza kuti banja likatha chibale chathanso, nachonga pa "ayi", akudziona ngati loya.

Anaiwala kuti mwininyumba ayenera kusaina. A Beryl anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse.

"Kelvin, ndiye ine ndi iwe sitidziwana?"

"Ayi amayi, ndi zapapepala chabe."

"Amakuchapira masokosi ndi pepalalo?"

Anafufuta okha n'kuchonga pa "inde". Ku ofesi sanadabwe n'komwe. Anangofuna malisiti ndi pangano lolemba, thandizo n'kutuluka.

Koma panganolo analemba ndi a Beryl, ndipo pansi pake anaonjezera kuti wachibale sadya yekha Lamlungu. Tsiku limenelo ndi lomwe mwana wawo Noeline, mkazi wothawa uja, amabwera ndi mwamuna wake watsopano.

Nyama yankhosa amadula ndi Kelvin, n'kumugawira mwamunayo nthuli yabwino. Akanakana bwanji? Chibalecho mpaka boma likuchidziwa.