Suti ya achimwene inkanunkha nafitalini

Ndinadzuka kusanache, amayi a kumpingo atatopa nazo nyimbo za usiku wonse. Kunja kunali chifunga cha Mzuzu chija, moto wa nkhuni zonyowa ukungofuka. Alamu anga anandituma kukatulutsa suti ya malemu amuna awo, achimwene anga, m'bokosi la zovala. Nditatsegula, fungo la timibulu toyera tothamangitsa njenjete linanditsamwitsa, ndipo mkwiyo wanga unayambira pomwepo.

Timibulu timeneto ndi nafitalini, ndipo ndiyo inali ntchito ya achimwene anga kukoleji kum'mwera. Anandifotokozerapo ndi mbale ziwiri pakhonde. Ankati akasungunula nafitalini m'madzi a mankhwala ozizira kwambiri, n'kuchotsa elekitoloni imodzi pa molekyulu, molekyuluyo sikhalitsa yokha. Imakasanjikizana ndi inzake yathunthu ngati mbale, ziwirizo n'kugawana kuperewerako, ndipo zimapirira nthawi yotalikirapo. Mpweya ukangolowa kapena madzi akafunda, zonse zatha. Tsiku lina akuluakulu a boma akudutsa, iwo sanakaime pamsewu kukaomba m'manja, anatsala kudikirira botolo lawo la mankhwala ozizira aja. Wina anakawaneneza. Anawachotsa ntchito, nabwerera kuno ku Mchengautuwa kudzakonza mawayilesi mpaka chifuwa chinawatenga.

Ine ndinkafuna chinthu chimodzi: kuti ntchito imeneyi itchulidwe pamanda. Mnzawo wa mu labotale, amene anafika dzulo lake pabasi, anandilonjeza kuti ayankhula.

Kutacha anthu anadzaza bwalo, ena ochokera ku Katawa ndi Katoto, ogulitsa m'sitolo atatseka zitseko zawo. Kunayamba kuwaza. Tcheyamani wa chipani anafika ndi anyamata ake, anthu n'kumupatsa mpando wa malemu womwe. Kuchokera apo mnzawo uja anayamba kundizemba. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusamba m'manja mosatha.

"Pepani chomene, achemwali," anatero. "Ndili ndi ana."

"Malemu analibe ana?" ndinafunsa. Anapitiriza kusamba m'manja.

Ulendo wakumanda unali wa matope. Bokosi analinyamula anansi ndi anthu amene anawakonzera mawayilesi, akulandizana paphewa. Anzawo ophunzira, a mataye awo, ankayenda kumbuyo kwenikweni, maambulera atatsitsa kumaso. Ndinawaona onse ndipo sindinawakhululukire.

Pamanda amalume anawerenga mbiri. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatira, anadwala. Zaka zonse za mu labotale anazimeza. Tcheyamani anayankhula nthawi yaitali za makadi a chipani, adzukulu atatsamira mafosholo.

Atanditchula kuti ndikaike nkhata, ndinaika, koma sindinabwerere pamalo panga. Mkazi sayankhula pamanda kwathu, ndikudziwa. Ndinatembenuka n'kunena kuti amene tamukwirirayu anali wasayansi, anaonetsa mmene mamolekyulu awiri amagawanirana kuperewera kwa elekitoloni imodzi, ndipo anamuchotsa ntchito chifukwa anakana kusiya botolo lake lifunde. Mawu anga anamveka. Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga. Mmodzi wa anyamata a tcheyamani aja anandiyang'ana mpaka nyimbo inatha.

Mwambo wathu ndi wakuti abale amagona pasiwa masiku angapo. Tsiku limenelo pofika madzulo aliyense anali atapeza chifukwa. Wina mwana wadwala, wina basi imusiya. Amalume ananyamuka osanditsanzika. Miphika inatsala yosatsuka pabwalo, mvula ikudzazamo.

M'nyumba tinatsala awiri, ana atagona. Bokosi la zovala linali lotsegula ndipo fungo lija linali lisanachoke. Alamu anati, "Mwatithamangitsira anthu, alamu. Mawa a chipani akhoza kubwera kudzakutengani."

Ndinati ndikudziwa.

Anadzuka, nakoka mphasa yawo kuchoka kukhoma, n'kuiyala mogundana ndi yanga. "Akabwera atipeza tonse," anatero, nazimitsa nyali.