Waya Wobiriwira wa Mbaula ya NyaChirwa

Chizindikiro choyamba chinali sikuludilaiva kupulumuka m'manja mwanga. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, ndili chogwada kuseri kwa mbaula yamagetsi m'khitchini ya nyumba yathu yatsopano pa Chintheche. Waya wofiira ndi wakuda ndinali nditamanga kale. Unatsala wobiriwira, uja woteteza wophika kuti asagwidwe ndi magetsi. Nditati ndiumange, dzanja lamanja linachita dzanzi kuyambira ku zala mpaka paphewa.

Ine ndine wamagetsi. Ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa makumi awiri, kwambiri m'malo ogona alendo a ku Kande, ndipo kwa ife kugwidwa ndi magetsi n'chimodzimodzi kulumidwa ndi nyerere. Umakutumula dzanja, n'kumwa mkaka monga anatiphunzitsira akuluakulu a ntchitoyi, basi n'kupitiriza. Choncho ndinauza mkazi wanga, NyaChirwa, kuti andipangire mkaka chifukwa moto wandinyambita.

Mbaulayo inali lonjezo langa kwa iye. Zaka zonsezi ine ndinkalumikiza mbaula za m'makhitchini a eni ake, iye akufuka ndi utsi wa nkhuni mpaka maso anafiiriratu. Ankandiseka kuti anakwatiwa ndi wamagetsi koma moto wa pa waya amangoumvera kwa anzake.

Mkaka ndinamwa, koma wina unatsikira pachibwano. Lachitatu ndinadzuka mwendo ukukoka, lilime litalemera, mabatani a malaya akundikanika. Ndinaumirirabe kuti ndi magetsi, zitha zokha. NyaChirwa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira mkono n'kutuluka nane panja. Analoza pakhoma, pamene panayenera kukhala mita. Panali bokosi lopanda kanthu.

"Ada, moto wake uti wakunyambitani? A magetsi sanabwere n'komwe kudzalumikiza nyumba ino."

Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Zimenezo ndinkazidziwa bwino, waya aliyense m'nyumbamo ndinayala ndine. Kungoti mtima unasankha matenda amene ndinawazolowera.

Pa chipatala cha kwathu kuno namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, kenako anangopita kukaitana mnzake. Masana omwewo ambulansi inatitengera ku chipatala chachikulu cha ku boma. Dokotala anandiuza kuti ndimwetulire, ndikweze manja onse awiri, nditchule dzina langa. Zonse zitatu zinandivuta.

"Bambo, iyi ndi sitiroko," anatero. "Magazi anu akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali inu osadziwa. Tsiku lomwe munataya ndi mkaka lija linali lofunika kwambiri."

Ndinagona m'wodi masiku khumi ndi awiri. M'mawa uliwonse ankatiyeza, kutipatsa mapiritsi, kenako n'kudikira madokotala kuti adutse bedi ndi bedi. Kudikira n'kumene kunkanditopetsa, chifukwa ndinkangoyang'ana dzanja langa lili gone pabulangete ngati la munthu wina. Ndinkaopa kuti sindidzagwiranso pulayazi. NyaChirwa ankandisambitsa, kundiveka, n'kupita ku khitchini ya odikirira odwala kukaphika pa nkhuni zomwe zija. Akabwera ndi phala, maso ali psu, ine ndinkatembenukira kukhoma kuti asaone misozi yanga.

Nditatuluka ndinayamba mafizo. Poyamba ankandifinyitsa kampira, kenako kutola nyemba imodziimodzi. Kunyumba mkazi wanga anasintha nyembazo n'kundithirira tizitsulo tomangira mawaya m'mbale, akuti dzanja likumbukire ntchito yake. Mchere anandichepetsera mpaka usipa unasanduka wosadziwika, ndipo ndikadandaula ankangoti ndikadandaulire kwa dokotala.

A magetsi anadzalumikiza nyumba mu Seputembala. Swichi ya mbaula ndinaisiya yozimitsa, pakuti popanda waya wobiriwira uja sindikanalola munthu kuikhudza. Anzanga a ntchito anabwera kangapo kuti amalizitse, ntchito yake ya mphindi zisanu zokha. Ine ndinavomera, koma NyaChirwa anakana.

"Waya umenewo uli ndi mwini wake. Ndadikira zaka makumi awiri, miyezi ingandikanike?"

Anafunditsa mbaulayo chitenje, n'kumaphikabe panja.

Loweruka lina mu Novembala ndinagwadanso pamalo paja. Sikuludilaiva inagwa kawiri, NyaChirwa n'kumanditolera. Kachitatu zala zinagwira. Ndinamanga pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, mpaka wayawo unalimba. Ndinaukoka, sunasunthe. Nditayeza zonse, ndinamuuza kuti ayatse yekha. Anaphika mpunga wa ku Limphasa, ataimirira, misozi ikutsika. Tsiku limenelo panalibe utsi woti aunamizire.

Lero ndikuyenda popanda ndodo, ndimayankhula bwino, ndipo ntchito zing'onozing'ono ndayambanso, ngakhale pamakwerero sindikwera. Zala ziwiri sizinabwerere kwenikweni, mwina zikanabwerera ndikanapita Lachiwiri lomwe lija. Mapiritsi ndimamwa tsiku lililonse, ndipo mwezi ndi mwezi ndimakayezetsa.

Anzanga amagetsi, ndi ena nonse, dzanzi likagwira mbali imodzi ya thupi, kapena pakamwa pakapotoka, musafune mkaka. Pitani ku chipatala nthawi yomweyo. Ife sitikhudza waya tisanauyeze, koma ine ndinayenda zaka zonsezo osayezetsa kuthamanga kwa magazi anga ngakhale kamodzi.