Majombo a Mayi Elube

Mboni zanga ndi zitatu: mayi anga, omwe akali moyo ku Nsabwe, a Likaka, omwe sakonda kuikamba nkhaniyi, ndi majombo akuda omwe mpaka lero ali pamsomali m'nyumba mwawo. Wokayika akafunse.

Ndikakumbukira a Elube, akazi a a Likaka, ndimamva fungo la tiyi wamuwisi lomwe linkatsalira akadutsa pakhomo pathu kukomboni, dengu kumsana, chitenje chitanyowa ndi mame. Akaseka zinkamveka ku Masambanjati, ndikulumbira, ndipo tiyi ankathyola mwaliwiro moti kapitawo ankatopa pongowayang'ana.

Atatenga pakati poyamba, mapazi anatupa. Patapata anakana, nsapato za kutchalitchi zinakana, mpaka anayamba kuvala majombo a amuna awo. Ana tinkaseka, eniakenso ankaseka.

Kusikelo namwino anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, mutu ukangopweteka kapena maso akachita chidima athamangire kuchipatala. Mutu utayamba kuwapweteka, mayi anga anawakumbutsa pampopi.

"Achemwali, mutuwo si uja ananena anesi?"

"Mutu ndi wanga, makilo ndi a kampani," anatero a Elube. "Ndipita masamba akachepa."

Azakhali awo atabwera kuchokera kumudzi, anangoyang'ana miyendo ija n'kugamula kuti ndi tsempho: mwamuna wayenda ndi mkazi wina, n'chifukwa chake mwana wawo Elube watupa. M'mawa mwake anakhazika a Likaka pamphasa.

"Akamwini, tchulani dzina, mwanayu aphwe."

"Palibe, amayi."

Ankanena zoona. A Likaka anali munthu wochita manyazi ngakhale ndi nkhuku yathadzi. Dzuwa linakwera, mlandu uli mkati, m'nyumba a Elube akudandaula kuti akuona ziphaniphani masanasana. A Likaka atamva zimenezo anaweramitsa mutu.

"Rozina," anatero. "Wa ku Limbe."

Ku Limbe anali asanapondeko. Azakhali anakhutira, nayamba kusinja mizu. Mtondo ukulira, a Elube anagwa pansi, thupi lonse likugwedezeka, atadziluma lilime.

Anawanyamula pa thirakitala ya masamba kufika pamsewu. Kuchipatala anawabaya jakisoni woletsa kukomoka, nawachita opaleshoni. Mwana anatuluka wamkazi, wamng'ono woti akanakwana m'jombo limodzi n'kutsala malo. Apa sindikuwonjezera. A Elube sanadzukenso. Dokotala anangofunsa kuti m'mawa monse muja anali kuti.

Pamaliro anthu ankanong'onezana za Rozina. A Likaka sanakane, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Analera Tadala, mwana uja, okha.

Ine ndinatsala ndi khalidwe loipa: mayi woyembekezera ndimamupatsa moni ndikuyang'ana kumapazi. Chaka chatha ndinakumana ndi Tadala pamsika paboma, ali ndi pakati, zingwe za patapata zitalowa m'mnofu. Sindinapereke ndi moni womwe. Titamuyezetsa, anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre tsiku lomwelo, ndipo ali moyo, iye ndi mwana wake.

Ine ndi a Likaka tinatsatira pa minibasi. Itaima pa depoti ina yaphokoso, mkuluyo anasuzumira pawindo nthawi yaitali.

"Mwanawe, kuno n'kuti?"

"Ku Limbe, bambo."

"Oho," anatero. "Ndiye kuno."