Nkhuku Zosafanana za Mayi a Dengu

Anthu ankawatchula Mayi a Dengu chifukwa chaka chilichonse ankaika tambala wawo m'dengu, n'kukwera naye basi kukamusinthanitsa ndi wina wa kutali. Tambala wobadwira m'khola lawo sankamulola kukwera alongo ake. N'chifukwa chake pankhuku zawo panalibe ziwiri zofanana: zofiira, zamawangamawanga, zakhosi lopanda nthenga, ndi ina yooneka ngati yavala malaya motembenuza.

Mwana wawo wachisamba atabwera kuchokera kusukulu ya zaulimi, anaima pakhomo pa khola manja ali m'thumba.

"Amayi, izi si nkhuku, ndi msonkhano. Zichoke, tiike zoyera zokhazokha zokula msanga."

"Zakulakwira chiyani, mwanawe?"

"N'zachikale basi."

Khola linali limodzi, ndipo iye ankalifuna lonse. Atakokanakokana kwa sabata yathunthu, anagwirizana zolidula pakati ndi waya, kuti yemwe nkhuku zake zichite bwino pakutha kwa chaka atenge khola lonselo. Mayi a Dengu anachita mantha ndithu, pakuti zoyerazo zinkanenepa ngati munthu akuzipopa, pamene zawo zinkangopalasa fumbi mosapupuluma.

Chaka chisanathe kunagwa matenda. Nkhuku inkayamba kuodzera, mapiko n'kugwa, mawa lake yauma. Waya satchinga matenda. Pamasiku asanu okha mbali ya mwana wawo inangoti zii. Mayiwo anamuthandiza kukumba dzenje lokwiriramo nkhukuzo. Zawonso zinafa khumi ndi ziwiri, ndipo anazilira. Koma makumi awiri ndi zitatu zinatsala, zina zitadwala n'kudzukanso, zina osaodzera n'komwe.

Nkhaniyi inamveka mpaka kwa dokotala wa ziweto, mayi wina wamagalasi, yemwe anabwera ndi timabotolo kudzatenga magazi pansi pa phiko la nkhuku iliyonse yotsala. Mwana uja ndiye ankazigwira, nkhope ili pansi.

"Nanga zangazi zatheranji zonse, adokotala? Chakudya chinali chabwino," anafunsa.

"Chakudya sichinalakwe," anayankha dokotalayo. "Nkhuku imatengera kwa makolo ake mmene thupi lake limazindikirira matenda. Kachilombo nako sikagona, kamasinthasintha ngati mbala yosula makiyi. Zanuzo zinali zapachibale, loko wake ngwofanana, ndiye kiyi mmodzi watsegula zonse. Za mayiwa khomo lililonse lili ndi loko wakewake. Mbala itsegula apa, apo ikanika, ndipo zopulumukazo zimasiyira anapiye mphamvu imeneyo."

Kenako anatembenukira kwa Mayi a Dengu. "Ndani anakuphunzitsani zimenezi, mayi?"

"Palibe. Ndinangoona kuti za magazi amodzi zimafera limodzi."

Anayankha modzichepetsa, koma tisanamizane, mtima wawo unkavina. Zaka makumi atatu akusekedwa m'basi, tambala akulira pamiyendo, lero munthu wophunzira ankalemba mawu awo m'kope.

Dokotalayo atamaliza, anatulutsa cholembera kuti alembe pabokosi la timabotolo tija.

"Ndilembe kuti khola ndi la ndani? Ndikuona lili pawiri."

Chaka chinali chisanathe, ndipo Mayi a Dengu sankafuna kumuchititsa manyazi mwana wawo pamaso pa mlendo. Mwanayo anaika pansi nkhuku yomaliza, napukuta manja pathalauza.

"Lembani dzina la amayi," anatero. "Ine ndine wantchito wawo, ngati angandilembe."