Ndinapirikitsa anzake a mdzukulu wanga, iwo n'kukhoza

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi kuchoka ku Nsanama mpaka ku Balaka kukapepesa kwa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wanga. Ine amene. Inu owerenga tsamba lino mukundidziwa, ngakhale sikelo ya kuchipatala ndimayamba ndaisuzumira kunsi ndisanakwerepo.

Mdzukulu wanga Edina, yemwe ndamulera chimwalirireni amayi ake, anamaliza sukulu ya unamwino. Koma kumaliza sukulu si kuyamba ntchito iyayi. Pali mayeso ena a chiphaso, ndipo ukapanda kukhoza amenewo suloledwa kugwira wodwala ngakhale chala.

Pokonzekera mayesowo kunkabwera atsikana awiri kunyumba kwanga, Asiyatu ndi wina wamagalasi. Ati kuwerengera limodzi. Ine ndinkakhala pakhonde kusenda nandolo, khutu lili pazenera. Ndinkangomva Edina akufotokoza, iwo akulemba. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinati ehe, awa abwera ndi matumba kudzakolola m'munda wa eni.

Tsiku lachisanu Asiyatu anabwereka bolopeni ya mdzukulu wanga, ndipo poganiza anaiika pakamwa. Pakamwa! Ndinalowa, ndinailanda, ndinawaperekeza onse awiri mpaka kumsewu n'kuwauza kuti nzeru za kwathu zili ndi mlonda.

Edina anawerenga yekha miyezi iwiri, ine ndikulondera pakhomo. Zotsatira zitatuluka, awiri aja akhoza, wanga walephera pepala limodzi.

Mukudziwa mmene timachitira kuno munthu akalephera mayeso. Amayi a mumphakati mwathu anafika atafunda zitenje, n'kukhala pamkeka mitu ili pansi. "Tamva zovuta." Zovuta zanji? Mwanayo ali moyo, akutsuka mbale kuseri uko. Kumaliro mumabwera ndi ufa, apa mwabwera ndi maso okha.

Mmodzi mwa iwo, yemwe mwezi watha ankavulira Edina kumsana kumuonetsa zidzolo akumutcha "anesi athu", anati, "Mwina si mphatso yake. Pajatu mnyamata wa ku Joni uja ankafunsira, mwina akadalipo."

Edina anamva. Alendo atapita anaika mabuku onse m'katoni, anamanga ndi chingwe, n'kunena kuti sadzalembanso. Zaka zitatu za sukulu, mfundo ziwiri za chingwe basi.

Ndinayamba kufufuza wolakwa. Ndinaganizira aneba. Ndinaganizira wogulitsa bolopeni. Ndinaganizira ngakhale tambala yemwe anadutsa kutsogolo kwake m'mawa wa mayeso. Edina anandisiya ndimalize, kenaka anati, "Agogo, pepala ndalepheralo ndi limene Asiyatu amalidziwa bwino. Tinagawana. Sabata yoyamba inali yanga, yachiwiri akanatiphunzitsa iyeyo."

Ndiye kuti ndinawadikira akolole, n'kuwapirikitsa tsiku loti ayambe kubweza lisanakwane. Mlonda wake ndi ameneyo.

Ku Balaka ndimayesa kuti ndikapeza Asiyatu m'chipatala atavala zoyera. Wakabaza anandisiya pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo ndinamupeza akukazinga chinangwa. Chiphaso chake chinali mu envelopu, envelopu ili m'jumbo pansi pa tebulo, kuti akangomva kuti kwinakwake akulemba ntchito angovula epuloni n'kuthamanga.

"Anganga," anatero asanandipatse n'komwe moni, "lero mwabwera kudzalanda chiyani? Chipande?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Tanenaninso, sitimayi ikusokosa."

Sitima panalibe. Ndinabwereza.

Anandikhazika pabenchi n'kundipatsa chinangwa. Ndinachinunkhiza kaye, anaseka mpaka misozi. Anandiuza kuti makalata ofunsira ntchito wasiya paliponse pomwe pali bedi la wodwala, kuyambira ku Rivirivi mpaka kwathu kuno, ndipo alonda a pageti akumudziwa dzina. Wamagalasi uja akuthandiza pachipatala china mongodzipereka.

Taonani mmene tilili. Wolephera timamulira ali moyo. Wokhoza akukazinga chinangwa ndipo timamufunsa tsiku lililonse kuti, "Simunayambebe?" Kenaka ife omwe tikakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka timadandaula kuti anamwino ndi ochepa. Nanga anamwino ena achokera kuti, ngati amene wapunthwa kamodzi tikumukankhira kubanja?

Ndipo ife makolo tili ndi matenda athu. Timaphunzitsa ana kubisa kope, kuphimba pepala ndi chigongono, kuona mnzawo aliyense ngati wakuba. Koma ntchito imeneyi ndi yopatsirana. Uyu akaweruka amasiyira mnzake odwala n'kumufotokozera zonse. Namwino wophunzira kubisa adzatembenuza bwanji yekha munthu wa thupi ngati langali?

Sindikunena kuti muzikhulupirira aliyense, musandinamizire. Chikwama changa chinali m'khwapa ulendo wonse.

Nditamupempha, Asiyatu anavomera kumabwera Loweruka lililonse mpaka Edina adzalembenso. Koma anaika malamulo. Loyamba, pakhonde pasakhale munthu wosenda nandolo. Lachiwiri, pophunzira zamanja pamafunika wodwala woyesererapo, ndipo wodwalayo ndikhala ine.

"Ndidwale chiyani?" ndinafunsa.

"Mukomoke, anganga. Tikufuna wodwala wosayankhula."

Nditafika kunyumba ndinamuuza Edina zonse.

"Mwapepesadi, agogo? Ndi pakamwa panu?"

"Kawiri."

Analowa kukhitchini, anatenga mpeni n'kudula chingwe cha katoni.

Choncho Loweruka likubwerali ndikomoka pamphasa kuyambira naini koloko. Anditembenuza, andiyeza, andikweza miyendo, ine duu. Ndawalonjeza kuti sinditsegula pakamwa. Za diso lakumanzere sitinakambirane.