Dawe wa M'munda wa Kudambo

Sukulu anandilanda ndi malume anga. Bambo atamwalira, malume anagulitsa mbuzi zonse ndi njinga, ine n'kulekera Fomu 2. Zatha zaka zitatu, ndipo ndikakumana nawo ku Luchenza sindiwapatsa moni.

Ntchito ya ku esiteti anandipezera ndi azakhali anga, omwe amathyola tiyi. Anamva kuti akufuna anyamata aganyu osamalira tiyi wongobzalidwa kumene m'munda wa kudambo. Anandipatsa jombo, ovolosi yonunkha thukuta la munthu wina, ndi sipuleya ya kumsana. Kapitawo wathu anali a Matewere, bambo wamfupi wa ku Goliati, wokonda kutukwana m'Chilomwe kuti bwana asamve.

Mdani wathu anali dawe. Ine ndinkangomuona ngati udzu, mpaka tsiku lina a Matewere anazula mmodzi n'kundipatsa.

"Aphunzitsi, tapotokolani ndi zala." Ankanditcha choncho chifukwa cha Fomu 2 yangayo.

Tsinde lake silinali lobulungira, linali ndi ngodya zitatu. Kenako anang'amba tsamba ndi chikhadabo. M'kati munali timitsempha toyera, toonda ngati ulusi, toyenda m'litali mwa tsamba, kulowa m'tsinde, kutsikira ku timbatata ta pansi. Anandionetsanso tsamba lanthete la pakati, loti mitsempha yake sinakhwime, ndi la kunja lomwe layamba kuuma.

"Mankhwala amayenda mu msewu umenewu. Ukapopera ali wamng'ono, msewu sunathe kumangidwa. Ukatchetcha, wagumula mlatho, ndiye wapansiyo amangokuseka."

Ndinakumbukira chithunzi cha m'buku la sayansi, ndipo ndinapsa mtima kuti ndikuzionera m'matope, osati m'kalasi. Koma madzulo ndinatenga dawe wina kupita naye kunyumba, n'kumakamudula ndi lezala.

Tinadikira masamba atambasuke bwino. Tinapopera m'mawa kulibe mphepo, titaika chotchingira pa nozo, kukamwa kwa sipuleya, kuti mankhwala asakhudze tiyi. Vuto la mankhwala amenewa n'lakuti sapha msanga. Dawe amakhalabe wobiriwira, ngati sunagwire ntchito.

Mkati mwa sabata yomweyo kunabwera wachiwiri kwa manijala pa njinga yamoto. Kunali kubwera alendo Loweruka. Anayang'ana mundawo, anandiyang'ana ine, n'kutembenukira kwa a Matewere.

"Wapopera ndi uyu? Pofika madzulo patchetchedwe, apo ayi asabwerenso."

Ganyu ameneyo ndi amene ankadyetsa mayi anga ndi mlongo wanga. Sindinadikire kuti njinga ikhote. Ndinatola chikwakwa. Ndinkadziwa kuti ndikatchetcha dawe aphukanso kuposa kale, n'kutsamwitsa tiyi, koma tiyiyo anali wa bambo anga?

A Matewere anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, mwapenga? Mankhwala ali pa ulendo."

"Akandichotsa mukandidyetsa ndinu?"

"Pakamwa ngati lumo. Khalani pansi apo."

Ananyamula chikwakwa changa paphewa n'kulowera ku ofesi wapansi, mtunda wonse uja, akutsimphina chifukwa cha bondo. Ndinatsala ndikupalira ndi manja mozungulira mitengo ya tiyi. Zimene anakalankhula sindikuzidziwa mpaka lero. Ndinangomva kwa kalaliki kuti anati amene wakaniza kutchetcha ndi iwo, osati mnyamata.

Alendo anawadutsitsa msewu wina. Ine ntchito sinandithere. A Matewere anawasamutsira ku munda wa kuphiri, kotsetsereka, kosayenera bondo lawo lija. Dawe anachita chikasu, kenako anauma. Nditakumba ndinapeza timbatata tambiri tawola. Ku ofesi palibe anabwera kudzaona.

Lamulungu lina ndinakwera kunyumba kwa a Matewere nditanyamula timbatata towolato m'jumbo. Anatifinya ndi zala, anatinunkhiza, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwandibweretsera ndiwo, aphunzitsi?"

Ndinalephera kunena zikomo. Ndinawadulira nkhuni mpaka dzuwa linapendeka.

Pano ndine wopopera wolembedwa. Mtima wapachala ndikadali nawo, koma ndikaona munda wobiriwira nditaupopera kale, chikwakwa sindichigwira. Ndimadziwa kuti ntchito ikuchitika pansi. Anyamata atsopano ndimawang'ambira tsamba monga anandichitira a Matewere, ndipo ndimawatukwana pang'ono m'Chilomwe.

Malume sindinawakhululukire. Ali nane ngongole ya zaka ziwiri za sukulu: Fomu 3 ndi Fomu 4.